Kalata yotseguka kwa a Meya a Mangochi: ikani malire a kutalika kwa nyumba m'mbali mwa Shire

Wolemekezeka a Meya,

Ndikupempha kuti khonsolo yathu ikhazikitse lamulo lonena msinkhu umene nyumba isapitirire m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi kuzungulira chipilala cha wotchi. Lamulolo likufunika pano, nyumba zitalizitali zisanayambe kumera. Eni ndalama akadzathira kale maziko, nkhani yake idzakhala ya kukhothi basi.

Nyumba zosanja sindidana nazo. Tawuni ikukula, malo apakati akuchepa, ndipo kumanga chokwera kuli bwino kusiyana ndi kumangodya minda ya anthu. Koma Mangochi si Blantyre. Kumeneko akhala akulimbana ndi nyumba zakale zakutha, mpaka kuzilemba nyenyezi yofiira kuti zigwetsedwe, chifukwa ndi mzinda wa mabanki ndi maofesi. Ife kuno ku Mangochi, alendo amatitsatira chifukwa cha zomwe maso amaona. Imani pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mamawa, akabaza akudutsa ndi matumba a makala. Pansi pali mabwato a asodzi, migwalangwa ndi nsanja za mizikiti zatulukira pamwamba pa malata, kum'mawa kwayala mapiri a Namizimu. Chipilala cha wotchi, chomangidwa mu 1903 tawuni ino ikutchedwa Fort Johnston, n'chachifupi ndithu. Hotela imodzi ya nsanjika 8 pambali pake ingachimeze, n'kutchingira mtsinje ndi kamphepo kake aliyense wokhala kumbuyo. Ndipo ndani sadziwa kutentha kwa kuno mu Okutobala?

Anzathu ena anaphunzira mochedwa. Ku Paris anamaliza nyumba ya Tour Montparnasse mu 1973, yotalika mamita 210. Anthu anaipidwa nayo, ndipo mu 1977 mzindawo unaletsa nyumba zatsopano kupitirira mamita 37. Koma nyumba ija ilipobe mpaka lero, palibe anaigwetsa. Amene amandisangalatsa ndi a pachilumba cha Bali ku Indonesia, omwe amadyanso za alendo ngati ife. Iwo anaika malire a mamita 15, omwe amati ndi msinkhu wa mtengo wa kokonati. Mahotela akuluakulu anamangidwabe, koma motambalala, osati chokwera, ndipo alendo sanasiye kupitako.

Palinso nkhani ya moyo, a Meya. Dothi la m'mbali mwa mtsinje ndi lamchenga, madzi ali pafupi. Tikukhala m'chigwa cha zivomezi: cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009 zinagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri m'boma lathu lino. Nyumba yolemera pa dothi lotere imafuna maziko ozama, oyezedwa ndi mainjiniya, ndi khonsolo yokhala ndi anthu otha kupita kukaona ngati zomwe zili pa pulani ndi zomwe zikumangidwadi. Komanso khonsolo isavomereze nyumba yomwe makwerero a ozimitsa moto athu sangafike pamwamba pake.

Maganizo anga ndi akuti m'mphepete mwa mtsinje ndi pozungulira chipilala nyumba zisapitirire nsanjika 3, ndipo pakati pa mapuloti pazitsala njira zoti amayi okachapa ndi asodzi afikire kumadzi. Wofuna kumanga yaitali apatsidwe malo kutali ndi gombe, chakumtunda m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, dothi litayezedwa kaye.

Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limapatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a madera awo. Itanani msonkhano wa mafumu, asodzi, amalonda a mumsika, mashehe, abusa ndi eni mahotela. Mapu oonetsa malirewo akhomedwe pamsika ndi padepoti, m'Chichewa ndi m'Chiyawo, kuti anthu anenepo makhansala asanavote.

Ine wanu,
Mbadwa ya kwa Mponda, Mangochi