Nyumba zathu zikudya mayunitsi chifukwa cha kamangidwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za nyumba zomwe zikumangidwa muno mu Lilongwe, kuyambira maofesi agalasi a ku City Centre mpaka nyumba za lendi za ku Area 25. Zambiri n'zokongola ndithu, koma Okutobala akafika anthu sapezamo tulo.

Kutentha kwambiri kumadzera kudenga. Malata akapsa ndi dzuwa, popanda siling'i, kutenthako kumatsikira pamutu pa anthu. Kwina kumalowera pa mazenera oyang'ana kumadzulo, poti dzuwa la 3 koloko limabwera chopendekeka ndipo khonde lalifupi silingalitchinge. Njerwa nazo zimasunga kutentha tsiku lonse n'kumakutulutsa usiku. N'chifukwa chake mumapeza banja litayala mphasa panja 9 koloko, khoma likadali lofunda ukaligwira.

Chomwe ambiri sachiwerengera ndi kutentha kochokera m'kati momwemo. Munthu wongokhala pampando amatulutsa kutentha kokwana pafupifupi mawati 100. Muofesi ya anthu 20 ndiye kuti mawati 2,000, tisanawerenge makompyuta ndi mababu. Filiji imaziziritsa za m'kati mwake, koma kutenthako imatayira kumbuyo, m'chipinda chomwecho. Kutentha kolowa kukachuluka kuposa kotuluka, wina amalipira ndithu: fani usiku wonse, makina oziziritsa m'nyumba, mayunitsi a ESCOM kutha mwezi usanafike pakati. Magetsi akathima, nyumba ya mazenera osatseguka sikhalika.

Komatu kutenthaku si mdani chaka chonse. Mu Juni dzuwa limadutsa cha kumpoto, choncho zenera loyang'ana kumpoto limafunditsa chipinda mwaulere. Zenera lomwelo mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, limakhala pamthunzi ngati denga latulukako pang'ono. Siling'i nayo imasunga kufunda usiku wa chisanu, ndipo mwina anthu sangamalowetse mbaula m'chipinda chotseka, zomwe zimapha anthu ali mtulo.

Zimandiwawa kuti wovutika ndi wa lendi, yemwe sanasankhe nawo koyang'anitsa mazenera. Ndikupempha khonsolo ya mzinda wathu kuti povomereza mapulani izifunsanso za siling'i, mthunzi wa mazenera akumadzulo ndi timabowo totulutsa mpweya wotentha m'mwamba mwa khoma. Amisiri nawo aziuza eni nyumba zimenezi maziko asanakumbidwe, chifukwa khoma likaima, kusuntha zenera ndi ndalama zina.

Wokhudzidwa,
Area 49, Lilongwe