Dzina loti ndimu silidachokere ku Chingerezi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa bodza lina lomwe limamveka kawirikawiri anthu akamakambirana za mawu obwereka. Ena amalimbikira kunena kuti "ndimu" ndi Chingerezi chopotoka, ati makolo athu lilime linkawakanika potchula lemon. Zimandiwawa kwambiri zikamatuluka pakamwa pa aphunzitsi, chifukwa mwana sakayikira zimene wamva m'kalasi.

Lemon amene timamupatsa ulemuyo nayenso ndi mlendo ku Mangalande. Angerezi adayamba kulemba mawuwa cha m'ma 1400, atawatenga kwa Afalansa omwe ankati limon. Afalansa ndi Ataliyana adawamva kwa Aluya, amene amati laymun, ndipo Aluyawo adawatola ku Persia, dziko lomwe lero timati Iran, kumene ankati limun. Ku India mpaka pano amati nimbu. Dzina lidayenda njira yomwe mtengo udayenda. Akatswiri a zomera amati kwawo kwa ndimu ndi cha ku Assam, kumpoto chakum'mawa kwa India, ndipo Aluya ndiwo adaufalitsa m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean pakati pa zaka za 1000 ndi 1150. Ku Genoa, mzinda wa ku Italy, adayamba kulima mandimu ambiri m'zaka za m'ma 1400, ndipo Christopher Columbus adanyamula njere zake kupita nazo ku chilumba cha Hispaniola, ku Caribbean, mu 1493.

Mawu athu oti ndimu sadadzere ku London ayi. Aswahili a kugombe, omwe akhala akuchita malonda ndi Aluya, Apersia ndi Amwenye kuyambira kalekale, ali ndi mawu awiri. Kachipatso kakang'ono kobiriwira kaja amati ndimu, pomwe kachikasu kokulirapo amati limau, dzina lomwe adabwereka kwa Apwitikizi. Ife tidatenga loyambalo n'kulipatsa ntchito zonse ziwiri, kenako tidaliika "ma" kutsogolo monga timachitira ndi malalanje. Njira yake ndi yodziwika. Jumbe Salim bin Abdallah, Mswahili wamalonda, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo Ayao anali atayamba kale kuyenda maulendo a malonda opita ku Kilwa, kugombe la dziko lomwe lero timati Tanzania. David Livingstone adafika pa nyanja yathu mu 1859, amishoni a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876. Chiswahili chinkamveka m'mphepete mwa nyanja kusanabwere sukulu yophunzitsa Chingerezi.

Khutu lokha likhoza kuweruza mlanduwu. Tikabwereka ku Chingerezi timatambasula mawu, n'chifukwa chake tili ndi supuni, batani ndi buledi. Mawu a Mngereziyo akadatipatsa lemoni, ndipo achinyamata a m'tauni amaterodi. Palibe njira yoti lemoni asanduke ndimu.

Pamsika pomwepo pali umboni wina woti sitidadalire khomo limodzi. Lalanje ndi laranja wa Apwitikizi a ku Tete ndi Quelimane, omwe adatisiyiranso mbatata ndi nsapato. Ngakhale kalata ndikulembayi ndi carta wawo. Manachesi omwe Mwanza imanyadira nawo ali ndi dzina lochokera ku South Africa, kumene amati naartjie. Zipatso zitatu za banja limodzi, mayina ake adalowa m'dziko muno kudzera njira zitatu zosiyana.

Pempho langa likupita kwa akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene adatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Akamadzakonzanso bukuli, pa mawu aliwonse obwereka aikepo kamzere kosonyeza chiyankhulo chomwe adachokera, ngati mmene mabuku otanthauzira mawu a Chingerezi amachitira. Akhoza kuyambira pa ndimu, lalanje ndi nachesi. Nanunso akonzi mutapatulako kadanga kakang'ono sabata iliyonse kofotokoza chiyambi cha mawu amodzi, aphunzitsi a Chichewa angapeze choti awonetse ana m'kalasi.

Mphunzitsi wopuma,
Salima