Kalata kwa makolo potseka teremu yachitatu

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana a pasukulu yathu,

Landirani moni wochokera kwa ine, aphunzitsi anzanga ndi a komiti ya sukulu. Teremu yachitatu yatha, ndipo chaka cha maphunziro chathera pomwepo. Mwana aliyense tamupatsira lipoti lake pamodzi ndi kalata ino. Musangoona nambala imene wakhala m'kalasi n'kulipinda; werenganinso mawu amene aphunzitsi alemba m'munsimo, chifukwa ndi amene akunena pomwe mwana akufunika thandizo lanu. Tsiku lotsegulira chaka chatsopano lili pa lipoti lomwelo. A Sitandade 8 akudikira zotsatira za mayeso awo kuchokera ku MANEB, ndipo zikangotuluka tidzazimata pa bolodi la ku ofesi monga mwa nthawi zonse.

Nkhani yaikulu m'kalata ino ndi ya ulendo umene a Sitandade 6 ndi 7 anayenda mwezi wa Juni kupita ku Mua, m'boma la Dedza. Ndalama za basi munasonkha ndinu, ena mochita kudzimana, choncho n'koyenera kuti mumve zimene ana anu anakaona. Momwe ndalamazo zinayendera, a komiti adzakuwerengerani pa msonkhano woyamba wa makolo.

Tinanyamuka kusanache, kudzera ku Nathenje, Kamphata ndi Linthipe mpaka pa Dedza, pomwe chisanu chinaonetsa chifukwa chake tinaumirira kuti aliyense atenge juzi. Titapitirira pa boma tinakhota pa Masasa n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Ana ambiri nyanja anaionera koyamba pamenepo, ili chapatali. Pofika kumunsi majuzi onse anali atavulidwa ndipo m'mbali mwa msewu munali malambe okhaokha. Aphunzitsi a Social Studies akuti zimene akhala akujambula pa bolodi za chigwa ndi mapiri, tsiku limenelo sanavutikenso kuzifotokoza.

Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Pamalopo pali tchalitchi, chipatala ndi sukulu ya ana osamva. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu a kumeneko anawapatsa mfunda woti a Chisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi luso otchedwa Kungoni, poyamba n'cholinga chophunzitsa anthu a m'deralo kusema. Pambuyo pake panamangidwa nyumba yosungiramo zinthu zamakolo ya Chamare, imene makoma ake akunja ajambulidwa mbiri ya dziko lino. Ana anamvanso nthano ya Kaphirintiwa, pomwe Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira, n'kusiya mapazi pathanthwe. Ambiri anadabwa kumva kuti malowo ali ku Dzalanyama konkuno, kumene umachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa madzi ake.

Tsopano za chipinda cha gule wamkulu, chimene chinautsa mafunso ulendo usanachitike. Makolo ena munabwera ku ofesi kudzandifunsa ngati n'zoyenera kuti mwana wopemphera akaone zinthu zimenezi, ndipo ena munasankha kuti ana anu atsale. Maganizo amenewo tinawalemekeza, ndipo palibe mwana amene wachotseredwa malikisi chifukwa chosapita. Panalinso makolo ena amene nkhawa yawo inali yosiyana ndi imeneyi: ankaopa kuti ana osameta akauzidwa zinsinsi za kudambwe. Nonse ndikukutsimikizirani kuti palibe mwana amene anametedwa, palibe amene anafika kudambwe, ndipo aphunzitsi sanalole mafunso olowerera m'zimene eni mwambo amasunga. Zimene ana anaona ndi nkhope zosema zoposa 400 ndi zilombo zomwe zimatuluka pabwalo anthu onse akuonerera, pamaliro, pa bona kapena polonga mfumu. Mwana wa ku Chinsapo kapena ku Kauma wakumana nazo kale pamsewu, nthawi zambiri akuthawa. Ku Mua anaziona ataima, wina akumufotokozera.

Chimene ambiri aife sitidziwa n'choti chilombo chilichonse chili ndi mwambo wake umene chimaphunzitsa, kudzera m'maonekedwe, kavinidwe ndi nyimbo. Chadzunda ndi tate wa gule. Kasiyamaliro, chooneka ngati nyama ya nyanga ya m'tchire, ndi cholemekezeka kwambiri ndipo chimaperekeza womwalira. Simoni wofiira nkhope uja amaseka mzungu wopsa ndi dzuwa, pomwe Maliya anabwera anthu ataona zimene amishoni ankaphunzitsa. Pali zina zodzudzula umbava, ulesi, kuledzera ndi chiwerewere, zina za galimoto, zina zochenjeza za Edzi. Ndiye kuti osemawo akhala akusunga mbiri ya zimene zinkafika m'midzi mwawo, ngakhale sanagwire cholembera. Ngati mphunzitsi, chinandigwira mtima ndi ichi: m'zaka za m'ma 1920 nyau ndi sukulu za mishoni zinkalimbirana ana kwambiri m'boma la Dedza, mpaka milandu kumafika kwa atsamunda. Lero ndi pamishoni pomwepo pamene zinthuzi zikusungidwa mosamala, ndipo ana a sukulu ndiwo akubwera kudzaphunzira. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique m'gulu la chuma chachikhalidwe cha dziko lonse lapansi, chaka chomwenso linazindikira vimbuza. Tchopa analowa mu 2014, nsima mu 2017. Munthu sayenera kuvina gule kuti adziwe zimenezi, monganso mwana wa Chikhristu amaphunzira za Chisilamu m'kalasi osasiya mpingo wake.

Mbali ya Angoni anyamata anaikonda chifukwa cha zishango za chikopa cha ng'ombe, nthungo ndi zibonga. Anamva za ulendo wochokera kumwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo za Shaka, za Zwangendaba amene anaoloka Zambezi mu 1835, ndi za Amaseko a kwa Gomani ndi kwa Kachindamoto. Mbali ya Ayao inakamba za malonda a minyanga, nsalu ndi mikanda ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere, za kubwera kwa Chisilamu, osabisanso za malonda a akapolo. Nyumbayi ikukamba za mitundu itatu yokhayi. Ana athu Achilomwe, Achitumbuka, Achisena, Achitonga ndi Achinkhonde anafunsa kuti nanga zakwawo zili kuti, ndipo funso limenelo ndalibweretsa kwa inu kumapeto kwa kalata ino.

Komabe pamene ana anakhalitsa ndi panja, pomwe amisiri amasemera. Munthu akutenga chipika, akuchitembenuza kangapo osachikhudza ndi chitsulo, kuona momwe mtengowo wayendera ndi pomwe pali mfundo. Kenako kasemasema, kenako tchizulo, pomaliza mpeni waung'ono ndi sandipepa. Zosema za ku Kungoni zili m'matchalitchi ambiri muno ndi kunja komwe, ndipo amisiriwo akulera mabanja ndi kulipirira ana fizi ndi manja awowo. Mnyamata wina amene m'kalasi amakhala kumbuyo osatsegula pakamwa ndiye anafunsa mafunso ochuluka kuposa onse: mtengo umauma nthawi yaitali bwanji, n'chifukwa chiyani wina umang'aluka, chitsulo amanolera chiyani. Aphunzitsi ake anangondiyang'ana.

Apa ndipo ndikufuna tilankhulane mosabisa, makolo anzanga. Tili ndi chizolowezi choopseza ana kuti akalephera sukulu adzasema mitondo kapena kuluka malichero, ngati kuti ntchito yamanja ndi chilango cha mbuli. Ine sindikugwirizana nazo. Woluka lichero amawerenga nsungwi, zingati pamwamba zingati pansi, ndipo akaphonya kamodzi maluwa onse amasokonekera. Amenewo ndi masamu. Mayi woumba mbiya amadziwa dongo loyenera, amadziwa kuti mbiya iyenera kuuma pamthunzi pang'onopang'ono isanaotchedwe, apo ayi iphulika pamoto. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa ena amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dongolo n'kuuluka ndi kutentha, zimene zili m'mabuku a sayansi m'mawu ena. Woimba ng'oma amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike mawu akwere, n'kumata phula pakati kuti atsike. Makolo athu a ku Maravi ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu amene ankagulitsa kutali, kusanabwere sitolo ngakhale imodzi.

Mumzinda muno umboni uli paliponse. Pitani pafupi ndi positi ofesi ya m'tauni mukaone ogulitsa ziboliboli, kapena ku Mchesi kwa akalipentala, kapena kwa okhoma zidebe ndi mbaula m'misika yathu. Amene akudya bwino pakati pawo ndi aja amatha kuyeza, kuwerengera phindu, kulankhula ndi kasitomala ndi kulemba zimene wagula ndi kugulitsa. Ndiye sindikunena kuti mwana asiye buku agwire kasemasema. Ndikunena kuti zonse ziwiri azitenge. Si ana athu onse amene adzapeze malo ku yunivesite, ndipo sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College ndi ya ku Namitete, kapena maphunziro odzera ku TEVETA, si malo othawirako olephera. Ngakhale pa mayeso a Sitandade 8 pali pepala la Arts and Life Skills, ndipo malikisi ake amawerengedwa ngati ena onse.

Pali kachizolowezi kamodzi kamene ndikupempha kuti katheretu. Aphunzitsi a Expressive Arts akauza mwana kuti apange tsache, chipande kapena kamkeka, makolo ena mumangopita kumsika kukagula, mwana n'kubwera nacho chonyezimira, china mtengo wake udakalembedwa kunsi. Timadziwa kuti mumachita izi pomukonda mwanayo, mwinanso chifukwa chosowa nthawi. Koma chipande chokhota chimene mwana wasema yekha chidzalandira malikisi ambiri kuposa chokongola chogula, ndipo aphunzitsi ndawauza kale zimenezi.

Amisiri a ku Mua anatchulanso za mitengo. Mlombwa, mbawa ndi phingo zimatenga zaka zambirimbiri kuti zifike posemeka, ndipo zikusowa. Ife a mu Lilongwe sitingaloze wina chala, chifukwa makala ambiri amene timaphikira akuchokera ku Dzalanyama komwe kuja. Teremu ikubwerayi tikhazikitsa nazale kuseri kwa makalasi a Sitandade 5 kuti mvula ikadzagwa tidzakhale ndi mbande. Musataye timatumba ta shuga ndi mchere, tisungireni, tidzafesamo.

Ntchito ya patchuthi ya ana onse amene akulowa Sitandade 6, 7 ndi 8 ndi iyi. Mwana apeze munthu mmodzi wodziwa kupanga chinthu ndi manja, kaya ndi agogo kumudzi, amalume, azakhali kapena a neba konkuno, akhale naye pansi aphunzire. Chingakhale mphasa ya bango, mkeka wa mlaza, dengu, nsengwa, mono wogwirira nsomba, kamphika, mthiko, mikanda, chisekese, kaligo, ngakhale galimoto ya mawaya. Apange chake, ndipo alembe tsamba limodzi m'Chichewa: dzina la chinthucho m'chiyankhulo cha kwanu, zipangizo zake ndi kumene zimapezeka, momwe amapangira kuyambira poyamba, ntchito yake, ndiponso amene anaphunzitsa mmisiriyo. Ili ndilo yankho la funso la ana aja a mitundu imene sanaione ku Mua: zakwanu mubweretsa ndinu. Mipeni ndi zosemera mwana azigwire wamkulu ali pomwepo. Asabweretse chilichonse cha gule, cha kumanda, cha kusimba kapena cha ufumu, ndipo katundu wakale wa pabanja asachoke panyumba popanda chilolezo cha mwini wake. Zonse tidzaziyala pa mashelefu mu laibulale, chilichonse ndi pepala lake, kuti ana a makalasi aang'ono amene sanapite nawo aziona. Ngati pakati panu pali oumba, oluka, osema kapena osula amene angatipatse masana amodzi kudzaonetsa ana, kalembetseni kwa achiwiri anga.

Mwezi wa Ogasiti ndi wa miyambo: ena mupita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ena ku Umhlangano ku Ntcheu, ndipo m'madera ambiri ndi nthawi ya zinamwali. Pempho langa ndi loti mukambirane ndi anamkungwi ndi angaliba nthawi ikadalipo, kuti mwana adzakhale atatuluka sukulu isanatsegulidwe. Chaka chilichonse timalandira ana ochedwa ndi masabata angapo, ndipo amavutika teremu yonse kuti apeze anzawo. Atsikana onse tikuwayembekezera kuti abwerere, palibe wotsalira kumudzi.

Otsala m'tauni, ayang'anireni pa nkhani ya nyumba zoonetsera mavidiyo, kuyenda usiku ndi kukwera kabaza atatuatatu. Ngati akukuthandizani pa geni, azikhalanso ndi nthawi yogwira buku. Opita kumudzi akumbutseni kuti kusaka mbewa si chifukwa chotenthera tchire.

Mabuku onse a sukulu amene ana anabwereka abwezedwe ku ofesi sabata ino. Tikhala tikutsegula m'mawa mpaka 12 koloko. Majuzi ndi mabotolo otayika, kuphatikizapo amene anatsala m'basi pochokera ku Mua, ali m'katoni pakhomo la ofesi ndipo adzaperekedwa kwa a Mother Group akapanda kutengedwa pofika tsiku lotsegulira. Olembetsa ana a Sitandade 1 abwere ndi mwanayo pamodzi ndi buku lake la kusikelo.

Zikomo kwambiri chifukwa cha mgwirizano wanu chaka chonsechi, makamaka amayi ndi abambo amene munadzipereka kuperekeza ana pa ulendowu.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu