Kalata kwa mwana wanga wophunzitsa kalasi: za kusankhiratu kwa Mulungu

Salima

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya inu kumeneko ku Nkhotakota pamodzi ndi mpongozi wanga ndi adzukulu. Ndamva kuti akulu ampingo akupatsa kalasi kuti uziphunzitsa, ndiponso kuti funso lija lakupeza kale: ngati Mulungu anasankhiratu oti adzapulumuke, kulapa ndi kulalikira n'kwa ntchito yanji? Za pafoni sizikhalitsa m'mutu, n'chifukwa chake ndalemba kuti uzibwerezako pokonzekera phunziro.

Yamba wadziwa pamene pali mkangano weniweni, chifukwa ambiri amakangana pamalo olakwika. Kale ku Africa konkuno, Augustine, bishopu wa ku Hippo, analimbana ndi Pelagius amene ankaphunzitsa kuti tchimo la Adamu silinaononge mtima wa munthu, ndipo munthu angathe kumvera Mulungu mwa mphamvu zake. Msonkhano wa ku Carthage unakana chiphunzitso chimenecho mu 418. Nkhani imeneyo inatha. Akatolika, a Anglican, a Assemblies of God ndi ife a CCAP, palibe amene amaphunzitsa kuti munthu amadzipulumutsa yekha. Ukauza kalasi kuti anzathu enawo amakana chisomo, wawanamizira, ndipo mwana wochenjera akakafunsa kwawo udzachita manyazi.

Mkangano umene ulipo ndi wopapatiza. Mu 1610, ku Netherlands, otsatira a Jacobus Arminius analemba mfundo zisanu. Anavomera kuti popanda chisomo munthu sangakhulupirire, koma anati Mulungu anasankha anthu amene anaoneratu kuti adzakhulupirira, anati Khristu anafera anthu onse mofanana, ndipo anati munthu angathe kukana chisomo mpaka mapeto. Sinodi ya ku Dort, imene inakhala kuchokera mu 1618 mpaka 1619, inayankha kuti ayi: Mulungu sanasankhe chifukwa choona chikhulupiriro mwa munthu, koma chikhulupirirocho chimabwera chifukwa Mulungu anasankha. Funso lonse lagona pamenepo. Anthu awiri amva ulaliki umodzi, wina wakhulupirira, wina wabwerera kwawo monga anabwerera, chasiyanitsa n'chiyani? Arminius akuti woyambayo sanakane chisomo. Dort ikuti Mulungu anatsegula mtima wake, monga anachitira Lidiya pa Machitidwe 16:14. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 anabwera ndi chiphunzitso cha ku Dort, ndipo Sinodi ya Nkhoma inaima pamenepo. Iwe ukuphunzitsa m'dzina la mpingo, tsono phunzitsa zimenezo, osabisa komanso osawonjezera.

Chimene chimalakwika kawirikawiri si chiphunzitsocho, koma ndondomeko yake. Mphunzitsi wachinyamata amathamangira Aroma 9 tsiku loyamba, nkhani ya Yakobo ndi Esau, woumba ndi dongo, kwa anthu amene sanamvetse n'komwe kuti ndi ochimwa. Taona m'mene Paulo anayalira kalatayo. Machaputala atatu oyambirira akuonetsa kuti onse anachimwa. Kenaka akulongosola kulungamitsidwa mwa chikhulupiriro, kenaka moyo watsopano, ndipo nkhani ya kusankhiratu ikudzafika kumapeto kwa chaputala 8, kwa anthu amene akuzunzika, kuti awatsimikizire kuti palibe chingawalekanitse ndi chikondi cha Mulungu. Katekisma wa Heidelberg wa 1563 anatsata njira yomweyo: tsoka la munthu, chipulumutso, kenaka kuyamika. Pa mafunso ake 129 palibe limodzi loperekedwa ku nkhani ya kusankhiratu payokha. Imatulukira pamene akukamba za mpingo, pa funso 54. Nawenso utero. Phunzitsa tchimo, phunzitsa mtanda, itana anthu kwa Khristu mopanda kusiyanitsa, ndipo kusankhiratu kudze pambuyo, poyankha munthu amene wafika kale n'kumadabwa kuti zatheka bwanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano funso limene wafunsidwa. Usaliyankhe ndi nzeru za m'mutu. Uwauze atsegule Machitidwe 27, muwerenge pamodzi kuyambira ndime 21 mpaka 44, pang'onopang'ono. Ngalawa ili m'namondwe, muli anthu 276. Paulo akuimirira n'kunena kuti mngelo wamuuza kuti palibe ndi mmodzi yemwe adzafe, idzaonongeka ndi ngalawa yokha. Pamenepo uime uwafunse: zatsimikizika kapena ayi? Adzati zatsimikizika. Pitirirani. Usiku wa 14, amalinyero akutsitsa kabwato mwachinyengo, akunamizira kuti akukaponya anangula kutsogolo, pamene akufuna kuthawa. Paulo yemwe uja akuuza mkulu wa asilikali kuti ngati awa sakhala m'ngalawa, inu simungapulumuke. Uimenso. Kodi Paulo waiwala lonjezo? Asilikali akudula zingwe, kabwato kakupita. Kenaka Paulo akuwakakamiza kudya kuti akhale ndi mphamvu, akutaya tirigu m'nyanja kuti ngalawa ipepuke, odziwa kusambira akuyamba kudumphira m'madzi, otsalawo akugwira matabwa. Onse akufika kumtunda.

Mulungu amene anakonza kuti onse apulumuke ndi yemweyo anakonza kuti apulumuke kudzera m'chenjezo la Paulo, mpeni wa msilikali, mkate ndi thabwa. Chenjezolo silinali sewero. Ndilo linawasunga m'ngalawa. M'kalasi mwakomo muli ana a asodzi. Uwafunse ngati bambo awo, mwera ukawapeza pakati pa nyanja, amasiya kukapa madzi m'bwato chifukwa choti tsiku lawo lakufa lili m'manja mwa Mulungu. Adzaseka, ndipo yankho adzakhala atalipeza okha. Ukatero uwonjezere Machitidwe 18:9-11, pamene Ambuye akuuza Paulo ku Korinto kuti ali ndi anthu ambiri mumzindamo. Paulo sananene kuti ndiye adzabwera okha. Anakhalako chaka ndi miyezi 6 akuphunzitsa. Pomaliza awerenge Afilipi 2:12-13, ndime ziwiri zoyandikana: gwirani ntchito ya chipulumutso chanu, pakuti ndi Mulungu amene akugwira ntchito mwa inu, ngakhale kufunako. Usalole kuti awerenge imodzi n'kusiya inzake.

Pa za ufulu wosankha, anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Palibe amene amakokedwa ndi chingwe kupita kumowa, palibenso amene amakokedwa kupita kwa Khristu akukana. Munthu amachita chimene mtima wake ukufuna. Vuto ndi loti mtima wochimwa sufuna Mulungu, ndipo sungadzisinthe wokha. Chisomo sichithyola chifuniro cha munthu, chimachichiza, kotero kuti munthu amabwera mwa kufuna kwake. A ku Dort ananena poyera kuti Mulungu sachita ndi anthu ngati kuti ndi zipika kapena miyala. Choncho wokhulupirira ndi munthu, wolapa ndi munthu, ndipo wokana uthenga mlandu ndi wake. Yohane 6:37 ndi 6:44 uwaike pambali pa Mateyu 23:37 ndi Ezekieli 33:11, usabise mbali imodzi poopa kuti ikusokonezera phunziro.

Udzakumana ndi wina wonena kuti ngati zinalembedwa zinalembedwa, ndiye andisiye ndizimwa. Ameneyu usataye naye nthawi pa ziphunzitso zakuya, chifukwa safuna yankho, akufuna pobisala. Umufunse chifukwa chake salankhula choncho pa nkhani ya feteleza kapena mwana akadwala malungo. Kenaka umuuze chimene Mulungu waulula: lapa, khulupirira lero.

Woti umusamale kwambiri ndi wina, amene salankhula m'kalasi. Amatsalira anzake atapita, n'kukufunsa chapansipansi kuti nanga ngati ine sindinasankhidwe? Kawirikawiri amakhala munthu amene ali ndi tchimo limene likumuvutitsa, kapena amene anadulidwapo mumpingo ndipo akubwerera. Ameneyu ukamuyankha mosasamala umupha mumtima. Buku la mfundo 39 la anzathu a Anglican, amene ndi ambiri kumene uliko, pa mfundo 17 linachenjeza za zimenezi, kuti chiphunzitsochi ndi chotonthoza kwa okhulupirira koma chingagwetse ena m'kutaya mtima kapena m'moyo wotayirira. Usamuuze kuti ndithu unasankhidwa, pakuti buku la Mulungu sunalione. Usamuuzenso kuti palibe angadziwe. Umuchotse pa funso limenelo, umuike pa funso limene lingayankhidwe. Kodi ukumufuna Khristu? Kodi tchimo lakoli likukuwawa? Kodi uli ndi njala yofuna chilungamo? A ku Dort anati zimenezi ndizo zipatso zimene munthu amadziwira kusankhidwa kwake, osati kusuzumira m'zinsinsi za Mulungu. Anatinso amene sanamvebe chikhulupiriro cholimba mwa iye asadziwerengere pakati pa otayika, koma apitirize kumva Mawu ndi kupemphera. Umuwerengere mbali yachiwiri ya Yohane 6:37, yoti wodza kwa Yesu sadzamutaya kunja, ndipo umufunse ngati m'ndimemo muli mawu oti ayambe waonetsa umboni wa kusankhidwa. Mulibe. Pambuyo pake uwauze akulu a mlaga wake kuti azimuyendera, chifukwa mantha otere sathera pa kucheza kumodzi.

Ndipo padzakhala tsiku limene adzakupempha kunena mawu pa maliro a khanda. Pamenepo usakambe za kusankha ndi kusiya. Mutu woyamba wa mfundo za Sinodi ya ku Dort, ndime 17, unanena kuti makolo oopa Mulungu asakayike za chipulumutso cha ana awo amene Mulungu wawaitana ali aang'ono, chifukwa cha pangano la chisomo. Uiloweze pamtima ndimeyi. Ambiri amene amatukwana chiphunzitso chathu kuti n'chankhanza sanaimvepo ndimeyi, ndipo chomvetsa chisoni n'choti ngakhale aphunzitsi athu ena sanaimvepo.

Za munthu amene anali wolimba mumpingo kenaka n'kugwa, anzathu otsata John Wesley amati chipulumutso chingatayike, ndipo amawerenga Ahebri 6:4-6. Ife timawerenga Yohane 10:28-29 ndi 1 Yohane 2:19, n'kunena kuti wa Khristu weniweni angagwe koopsa, monga Davide ndi Petro, koma Mulungu adzamudzutsa. Cholakwika chimabwera pamene tisandutsa zimenezi kukhala chiweruzo pa munthu wamoyo, kumati uja sanali wosankhidwa n'kale. Sizili kwa iwe. Kudula munthu mumpingo cholinga chake n'kumubweza, ndipo amene wadulidwa ayenera kuyenderedwa koposa amene akudya mgonero. Kumbali inayo kulinso dzenje lake: munthu amene amapita kutsogolo pa chitsitsimutso chilichonse kukapulumutsidwanso, chifukwa anamuphunzitsa kuti zonse zatsamira pa kulimba kwa chisankho chake. Ameneyo ndiye amene chiphunzitso chathu chingamupumitse.

Wina adzafunsabe kuti ngati Mulungu angathe kutsegula mtima uliwonse, bwanji satsegula yonse, pamene 1 Timoteo 2:4 akuti afuna anthu onse apulumuke. Ndi funso labwino, usamudzudzule wofunsayo. Udziwenso kuti ngakhale Arminius silimusiya, chifukwa naye amavomera kuti Mulungu analenga akudziwiratu amene adzakana. Paulo atafika pamenepo anathera m'matamando, pa Aroma 11:33-36, ndipo Deuteronomo 29:29 akugawa zinthu pawiri, zobisika za Mulungu ndi zoululidwa zathu. Uwawerengere zimenezo, uleke pamene Malemba alekera.

Phunziroli uligawe masabata atatu kapena anayi, usalipanikize tsiku limodzi, ndipo zimene walemba uyambe wawaonetsa abusa. Ngati m'kalasi muli amene makolo awo ndi a mpingo wina, usatchule mipingo mwachipongwe.

Amayi ako akupereka moni, akuti adzukulu abwere sukulu ikatsekera. Undiuze m'mene phunziro la Machitidwe 27 lidzayendere.

Ndine bambo ako.