Akuti ndine mzati wa ofesi, koma mzati suyenda

Okondedwa Anganga,

Ndimawerenga tsamba lanu sabata iliyonse ndipo ndimaona kuti ambiri amakulemberani za mabanja ndi zibwenzi. Nkhani yanga ndi ya ntchito, ngakhale kuti masiku ano yayamba kulowa mpaka kuchipinda.

Ndine mayi wa zaka 33, wa ana awiri, ndipo ndimakhala kuno ku Mangochi, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Mayeso a MSCE ndinakhoza, koma mapointi sanandifikitse ku yunivesite, ndiye ndinapita ku koleji ya zaluso kukachita kosi ya Administrative Studies ya pansi pa TEVETA, imene akuluakulu amangoti ya usekilitale. Mu 2017 ndinalembedwa ntchito ku bungwe lina lomwe si la boma. Pakalata analemba kuti Administrative Assistant, ndipo mpaka lero dzina ndi lomwelo, mpando ndi womwewo.

Ndikufotokozereni kaye zomwe ndimachita, chifukwa ngakhale bambo a kunyumba amaganiza kuti ndimangokhala pampando wozungulira n'kumayankha foni. Wakabaza amanditsitsa pageti 7 koloko isanakwane, poti makiyi amakhala ndi ine. Ndimayamba ndaona ngati mayunitsi a magetsi alipo komanso ngati mujenereta muli dizilo. Amene anakhalako kuno mu Okutobala akudziwa kuti magetsi akathima muofesi mumasanduka uvuni. Kenako buku la magalimoto: adalaivala dzulo anapita kuti, makilomita angati, mafuta anathira a ndalama zingati, lisiti lake lili kuti. Pakafunika kugula ngakhale inki ya pulinta, ndine ndimazungulira mashopu padzuwa kusaka makotesheni atatu, mapepala a mitengo ya katunduyo. Maminitsi a misonkhano ndimalemba ine, mafayilo a antchito onse ndimasunga ine, masiku a tchuthi a munthu aliyense ndimawerengera ine. Ndimakumbutsanso a zachuma kuti msonkho wa PAYE ufike ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira, ndi kuti ndalama za penshoni zija, 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti yathu, zatumizidwa. Kukabwera mafumu a ku Namwera kapena ku Makanjira, womasulira ndine, chifukwa mabwana athu ndi ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo Chiyao chawo chimathera pa "sikomo".

Ndiye pali mawekishopu. Mukudziwa inu kuti aliyense wofuna kuchititsa msonkhano m'Malawi muno amalota kunyanja. Holo ndimapeza ine, zipinda zogona ndimagawa ine, ndipo wina akapeza kuti fani ya m'chipinda mwake sikuzungulira, foni imalira ndi yanga, ngakhale pakati pa usiku. Tsiku lomaliza ndimakhala pakatebulo pakhonde ndi mndandanda wa mayina, anthu ali pamzere kusayinira maalawansi, chambo atamangirira kale pagalasi la galimoto. Ndimawerenga ndalama mpaka chala chimauma. Ine poti ndili pamalo anga a ntchito, changa ndi nkhomaliro ndi botolo la madzi. Izi sindidandaula nazo kwenikweni, lamulo lake ndi lomwelo. Ndangozitchula kuti muone kuti ntchitoyi ndimaidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Chaka chatha bambo amene anali Administration Officer anapeza ntchito kwina. Abwana anandiitana n'kundiuza kuti ndigwirizire mpandowo. Ndinaugwirizira miyezi 8, ndikugwiranso ntchito yanga yakale, popanda kalata, popanda kanthu kowonjezera pamalipiro. Ndinkadziuza kuti sunga khosi mkanda uoneka. Malowo atalengezedwa m'nyuzipepala, mzere woyamba unali wakuti ofunsira akhale ndi digiri. Kalata yanga ndinaperekabe. Ndine amene ndinalandira makalata onse ofunsira ntchitoyo, kuwadinda ndi kuwaika mufayilo, yanga ili pakati pomwepo. Ndine amene ndinaimbira foni anthu asanu amene anasankhidwa kuti abwere ku intaviyu, ndipo tsikulo ndinawakonzera tiyi.

Anatenga mnyamata wa zaka 25, wongochoka kumene ku yunivesite. Ndisamunamizire, ndi mwana waulemu, amanditchula kuti asisi ndipo sanandinyozepo. Koma vocha yolipirira katundu ndinamuphunzitsa kulemba ndine. Maodita atabwera, anandipeza kukhitchini ndikutsuka makapu, thukuta lili kamukamu, n'kundinong'oneza kuti, "Asisi, akufuna makotesheni a matayala aja, ndiwauze chiyani?" Ndinapukuta m'manja, n'kukatulutsa fayilo yake mukabati yachiwiri, shelefu yapansi. Lipoti litatuluka bwino, imelo yoyamikira inapita kwa iye. Ineyo abwana anandiimitsa pakhonde n'kunena kuti, "Mayi, inu ndiye mzati wa ofesi ino." Ndinathokoza mwaulemu. Koma ndili pakabaza madzulo ake ndinaganiza kuti mzati ndi chinthu chimene amachikumbira pansi kuti chisasunthe. Denga amalisintha, udzu amafolera wina, mzati uli pompo mpaka chiswe chiudye.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa ngati ntchito imeneyi ili ndi kopita. Azakhali anga anali taipisiti kuboma kuno, ankadziwa shorthand, kalembedwe kachidule kothamanga kaja, ndipo kalata iliyonse ya ofesi yawo inkadutsa m'manja mwawo. Lero ntchito ya utaipisiti ili kuti? Bwana aliyense ali ndi laputopu yake. Mnyamata uja anandionetsa pulogalamu ya pafoni imene umangoiuza zomwe ukufuna, iyo n'kukulembera kalata yonse m'Chingerezi chosalala kuposa changa. Ndinaseka naye, koma m'mimba munatentha. Chinanso, thandizo lochokera ku America litayamba kudulidwa mu 2025, ndinaona anzanga a m'mabungwe ena akubwerera kunyumba, ndipo ena mwa oyambirira kuchotsedwa anali a ntchito ngati yangayi pamodzi ndi madalaivala. Ifenso timayendera makontirakiti a chaka chimodzi. Disembala iliyonse mtima umakhala m'mwamba.

Njira zomwe ndikuziona zilipo, koma iliyonse ili ndi minga yake.

Mtima wanga uli kusukulu. Vuto ndi lakuti pepala langa ndi satifiketi, pomwe njira ya akuluakulu yolowera ku yunivesite, ija amati mature entry, imafuna dipuloma ndi zaka zingapo za ntchito. Zaka za ntchito ndili nazo zochita kutsala, dipuloma ndiye ndilibe. Ndiye kuti ndiyambe dipuloma, kenako digiri, ndipo ndikamadzamaliza ndidzakhala ndikuyandikira zaka 40. Kuno kuli yunivesite ya DMI St John the Baptist, moti sindingachite kuchoka pakhomo. Kulinso maphunziro a kumapeto kwa sabata ku Blantyre, koma ulendo wake ndi wodzera ku Liwonde ndi ku Zomba, kupita Lachisanu usiku kubwera Lamulungu, thiransipoti ndi malo ogona zonse zotuluka m'thumba mwanga. Chiyambireni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga amatha mwezi usanafike pakati. Ku banki mkhonde ndili ndi masheya ochepa, sangalipire fizi ya chaka chonse, ndipo katapila ndinalumbira kuti sindidzamuyandikiranso.

Ngakhale ndalamazo zitapezeka, ndiphunzire chiyani? Apa ndi pamene mutu waima. Ntchito ya muofesi imakuphunzitsa pang'ono pa chilichonse, koma sikupatsa dzina. Ndimadziwa za antchito, ndiye wina akuti ndichite Human Resource n'kudzalowa m'bungwe la akatswiri a za antchito la IPMM. Ndimadziwa za makotesheni, ndiye wina akuti ndipite ku zogulagula, kumene kuli bungwe la MIPS, akuti kumeneko ntchito sizisowa chifukwa ofesi iliyonse imagula katundu. A zachuma athu akuti ndiyambe mayeso a zowerengera ndalama a ICAM, poti ndalama zazing'ono za muofesi ndimasunga ine ndipo sizinasowepo ngakhale tambala. Ena akuti digiri ya Business Administration ndiye imatsegula zitseko zonse, koma ndikuona ana ambiri a digiri yomweyo akuyenda ndi maenivelopu a khaki m'tauni muno, ena amasiya makalata awo patebulo panga. Ndikuopa za pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma.

Mayi anga akuti ndifunsire m'boma. Akuti kumeneko ngakhale malipiro achepe, munthu umagona tulo. Ndafufuza ndithu: ukalaliki umayambira pa giredi M, wa dipuloma amalowera pa K, wa digiri pa I. Ndi satifiketi yangayi ndiye kuti ndikayambira pansi, pamalipiro osafika omwe ndikulandira panopa, ndipo kukwera kwakenso kukudikira pepala lomwe lija.

Bambo a kunyumba maganizo awo ali kwina. Iwo ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo akuti sukulu pa msinkhu wangawu ndi kutaya ndalama za ana. Akuloza mlongo wawo, alamu anga, amene sanafike ndi Fomu 2 yomwe. Iwo amalawirira kudoko kukaoda usipa, kuuyanika pathandala, n'kupita nawo ku Limbe. Panopa amanga nyumba ya malata ndipo agula njinga zamoto ziwiri za kabaza. Zoona zake n'zakuti mwezi wabwino amapeza kuposa ine. Koma ndinawaonaponso akulira usipa wonse utanyowa ndi mvula, ndipo mwera ukawomba masiku angapo asodzi osalowa m'madzi, kapena nyanja ikatsekedwa mu Novembala, amabwera kudzabwereka kwa ine yemwe. Ndikanena zimenezi bambo amati ndikunyada chifukwa ndinazolowera nsapato zazitali. Tsiku lina tikukangana anafika ponena kuti anzawo amawaseka kuti sekilitale ndi mkazi wachiwiri wa bwana. Anapepesa m'mawa mwake, koma mawuwo sanandichoke. Zaka zonsezi ndagwira ntchito mokhulupirika, ndiye malipiro ake akhale amenewo?

Choipa n'chakuti ntchitoyi ndimaikonda, Anganga. Ndimamva bwino munthu akabwera atasokonezeka, ine n'kumupezera pepala lake pa mphindi ziwiri. Ndimamva bwino gogo wa ku Katuli akalowa mwamantha, n'kumasuka atamva ndikumulonjera m'chiyankhulo chake. Sindikufuna kuithawa. Ndikungofuna kudziwa ngati munthu angayambire pa tebulo lolandirira alendo n'kudzafika pokhala mkulu woyendetsa ofesi, kapena ngati amene anakwera anachita kusiya ntchitoyi n'kuyamba ina.

Ndithandizeni pa izi. Kodi ndilowe m'ngongole chifukwa cha sukulu pomwe kontirakiti yanga ikutha mu Disembala? Ngati ndi choncho, ndisankhe kosi ya mbali imodzi monga zogulagula kapena za antchito, kapena ndilimbane ndi digiri? Nanga miyezi 8 ndinagwirizira ija, ndingawapemphe bwanji abwana kuti andilembere kalata yoikira umboni popanda kuoneka ngati ndikuwaukira? Ndimaopa kuti ndikayamba kufunsa zambiri adzakumbukira kuti kunja kuli ana ambiri amene angalole theka la malipiro anga. Ndipo bambo a kunyumbawa ndiwalankhule motani kuti amvetse kuti sindikunyoza geni ya mlongo wawo?

Chonde musalembe dzina langa. Nyuzipepala ikafika kuntchito imayamba yafikira patebulo panga, ndipo ndine amene ndimakaipereka kwa abwana pamodzi ndi tiyi wa 10 koloko.

Ine mwana wanu,
Wothedwa nzeru, Mangochi