Musathamangire kugula mapadi, onani kaye mapini

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga a timagalimoto takale tochokera ku Japan, ife amene tikangomva fungo la kupserera pa tayala timathamangira kukagula mapadi ena a mabuleki, n'kumadandaula kuti akalewo anali a feki.

Chaka chatha mvula itangosiya, kagalimoto kanga kanayamba kukokera kumanzere. Kungochoka m'tauni ya Zomba kufika pa Domasi, limu ya kutsogolo inkatentha moti ukadonthezapo madzi ankachita kuti tswee! Petulo naye ankatha ngati thanki yabooka. Mapadi ndinasintha kawiri m'miyezi isanu. Kachiwiriko m'pamene ndinaona chachilendo: padi yam'kati yadyeka mpaka pa chitsulo, inzake yakunja ikadali yonenepa.

Loweruka lina ndinaitana mphwanga. Tinatchinga matayala akumbuyo ndi miyala, n'kukweza galimoto, tayala lomwe tinachotsalo n'kuligoneka pansi pa galimotoyo pamodzi ndi chipika. Jeke yekha musamukhulupirire, makamaka pabwalo la dothi ngati langa. Titamasula mabawuti awiri, kalipa (chitsulo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki ya buleki) tinaikoleka ndi waya kuti isalendewere pa paipi yake ya labala yodutsamo mafuta a mabuleki.

Nkhani yonse inali pa mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo. Imodzi inatuluka ndi zala, koma inzake tinalimbana nayo ndi pulayazi mpaka thukuta. Timalabala tomwe timaphimba mapiniwo tinali titafufuma, kena katang'ambika, ndipo matope a dzinja anali atalowa n'kupanga dzimbiri. Pa galaja ina, imene sinditchula, anali atapakamo girizi wakuda wa mabeyaring'i. Girizi ameneyo ndi mdani wa labala. Wofunika pamenepo ndi wa silikoni, kapena wina wa mabuleki wolembedwa kuti sawononga labala. Mapiniwo tinawapala ndi sandipepa wosalala, tinaika timalabala tatsopano, ndipo m'tinjira momwe mumakhala makutu a mapadi tinakwechamo ndi bulashi ya waya mpaka padi ikuyenda ndi dzanja. Girizi asakhudze disiki kapena nkhope ya padi ngakhale pang'ono.

Pisitoni ya m'kati mwa kalipa, imene imakankha padi, nayo iyeseni. Ikani padi yakale pamwamba pake, muikankhe pang'onopang'ono ndi G-clamp, chida chopanira chooneka ngati chilembo G. Yanga inabwerera bwinobwino. Ikakana, kapena mukaona kuti dzimbiri laidya mabowomabowo, imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa, si yoyesera pakhomo. Pali chinanso chomwe ambiri sadziwa: tayala likagwira, koma n'kumasuka mukangotsegula kanati ka pa kalipa kotulutsira mpweya, nthawi zambiri wolakwa ndi paipi ya labala ija. Imafota m'kati, mafuta amapita koma osabwerera.

Za mafuta a mabuleki ndinene mwachidule. Amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Gulani a nambala yolembedwa pa chivundikiro, DOT 3 kapena DOT 4, a m'botolo losatsegula. Anga anali atada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ndivomere, kuyambira pamene ndinagula galimotoyo ndinali ndisanawakhudze.

Tsono titamanga zonse, ine mwachimwemwe ndinangoliza galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Kuponda buleki, phazi linangoti fwa mpaka pansi! Ndinaiwala kuti ukakankha pisitoni uyenera kupopa buleki kangapo galimoto isanasunthe. Anandipulumutsa ndi handibuleki, ndipo khola la nkhuku za mayi a kunyumba linatsala ndi dzanja limodzi kuti ligwe. Mpaka lero akandiona ndanyamula sipanala amayamba atsegulira nkhuku zawo.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba