Simoni wa ku Kurene anali wa ku Africa, tiziwauza ana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono pa za mafilimu a Yesu omwe timaonetsa ana m'matchalitchi nthawi ya Pasaka. Kwathu ku Ndirande tinakoka nsalu yoyera pakhoma la tchalitchi, pulojekita pa tebulo, ana ali mbwee pa mabenchi, ndiye pobwerera mdzukulu wanga wa zaka 8 anandifunsa kuti agogo, kodi nthawi ya Yesu anthu akuda kunalibe? Ndinasowa poyambira.

Nkhaniyi inayamba kale, nthawi ya mafilimu osalankhula aja omwe mawu ankachita kulemba pa sikirini. Mu 1912 kampani ya Kalem inapita mpaka ku Egypt ndi ku Palestine kukajambula From the Manger to the Cross, malo ake enieni, koma Yesu anakamutenga ku England, Robert Henderson-Bland. Eni dzikolo anangokhala gulu lodzadzitsa m'misewu. Kenako mu 1927 Cecil B. DeMille anatulutsa The King of Kings, ndaionera pa foni mpaka bandulo kutha, ndipo zomwe ndinaona zandikhala pamtima. Simoni wa ku Kurene, yemwe anasenza mtanda pa Marko 15:21, kwawo ndi ku Libya, muno mu Africa momwe, koma anamusewera William Boyd, mzungu wa ku America. Malo amodzi omwe mwana wa kuno akanaloza n'kunena kuti uyo ndi wa kwathu anawapereka kwa wina.

Nanga Mariya wa Magadala? Filimuyo imayamba ndi iyeyo atavala mosadzilemekeza pakati pa amuna olemera, kenako akukwera galeta lokokedwa ndi mbidzi ati kukasaka chibwenzi chake Yudasi. Tsegulani Baibulo, Luka 8 akungoti munatuluka ziwanda 7 mwa iye ndipo anali mmodzi wa amayi omwe ankatumikira Ambuye ndi chuma chawo, za uhule kapena za Yudasi mulibemo olo pang'ono. Koma mpaka lero mumva mlaliki wa pamsika akumutchula hule, mayi amene anayamba kuona Ambuye atauka! Ayuda a ku America anadandaula ndi momwe filimuyo inawaonetsera ngati opha Yesu, ndipo DeMille anasintha zina. Iwowo analankhula, ife tinangolandira.

Sindikuti tisiye kuonera ayi, ineyo filimu ya Yesu ya 1979 yomasuliridwa m'Chichewa ija inandiliritsa ndili mnyamata ndipo chikhulupiriro changa chinakula nayo. Pempho langa kwa abusa, ansembe ndi aphunzitsi a Sande sukulu ndi loti asanayatse pulojekita atenge mphindi 5 kuuza ana kuti awa ndi ochita sewero, Yesu anali Myuda wa ku Palestine, ndipo Simoni akamatulukira aimitse kaye filimuyo n'kuwaonetsa pa mapu pomwe pali Libya.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre